KODI KUTSEKA KUNATHANDIZA?

Papita zaka zingapo tsopano cilekere anthu a mu Lusaka kubvala tinsalu tophimba pakamwa ndi pamphuno, ndipo zidebe zosambira m'manja zimene zinali kuima pa makomo a masitolo zinabwerera kale ku nchito zina. Koma nkhani ya masiku aja siinathe. Pa maliro ku Matero, pamene amuna akhala mozungulira moto usiku, kapena m'basi yocokera ku Chawama m'mamawa, wina akangochula dzina la Covid-19, mtsutso ubuka pomwepo. Ena amati malamulo amene Boma linaika anapulumutsa miyoyo. Ena amati anangoonjezera umphawi pa anthu amene anali osauka kale. Aliponso ena amene mpaka lero akhulupirira kuti nthendayo inali ya anthu acuma a ku Kabulonga, ndi kuti m'komboni siinalowemo konse. Onsewa ali ndi zifukwa zao, ndipo mlandu wotere suweruzika bwino popanda kuyamba wamva mbali zonse.

ZIMENE ZINATSEKEDWA

Coyamba ndico kukumbukira bwino zimene zinacitika, pakuti anthu ayamba kale kusokoneza za m'Zambia ndi zimene anamva za maiko ena. Pa 18 March 2020 Nduna ya za Umoyo ya nthawi imeneyo, Dr Chitalu Chilufya, inalengeza kuti anthu awiri amene anali atabwera kucokera ku France apezeka ndi kacirombo ka nthendayi mu Lusaka. Pa 20 March masukulu onse anatsekedwa. Pa 25 March Mtsogoleri wa dziko, malemu Edgar Lungu, analankhula ku mtundu wonse, nalamula kuti nyumba zomweramo mowa, za madansi, za kanema ndi za juga zitsekedwe, kuti nyumba zodyeramo zizigulitsa cakudya cokadyera kunyumba cokha, ndi kuti pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano uliwonse anthu asapitirire 50. Ndege zocokera kunja zinaloledwa kutera pa bwalo limodzi lokha la Kenneth Kaunda. Mipingo yambiri inaleka kusonkhana. Munthu woyamba kufa ndi nthendayi analengezedwa pa 2 April, ndipo m'mwezi womwewo anthu analamulidwa kuphimba pakamwa ndi pamphuno poyenda pagulu. Tauni ya Kafue inatsekedwa kanthawi kuti anthu apimidwe, ndipo mu May cipata ca Nakonde cinatsekedwanso masiku angapo.

Koma cinthu cimodzi sicinacitike. Anthu a mu Lusaka sanatsekeredwe m'nyumba zao monga anacitira ku South Africa kuyambira pa 27 March, kumene asilikari anali kuyendera miseu ndipo munthu sanali kuturuka popanda cifukwa comveka. Msika wa Soweto unali kugulitsabe, mabasi anali kuyendabe, ndipo wa ganyu anali kudzukabe kukafuna nchito. Cifukwa cace pamene anthu a m'makomboni atsutsana za kutseka, atsutsana za kutseka kwa theka: masukulu, mowa, mapemphero ndi maliro.

MOYO WA M'KOMBONI

Malangizo amene anali kumveka pa wailesi tsiku ndi tsiku anali abwino ndi osabvuta kumva: kukhala kunyumba, kutalikirana, kusamba m'manja kawirikawiri ndi sopo, ndi kudzipatula ngati munthu wayamba kudwala. Cobvuta cinali kuwacita. Mwa anthu oposa mamiliyoni awiri okhala mu mzinda wa Lusaka, ocuruka kwambiri akhala m'makomboni monga Kanyama, George, Chawama, Mtendere ndi Kalingalinga, kumene banja lathunthu ligona m'cipinda cimodzi kapena ziwiri za lendi, ndipo mabanja angapo a pa bwalo limodzi agwiritsa nchito cimbudzi cimodzi cokumba. Madzi agulidwa pa cigubu ku mpopi wa onse, ndipo kuti munthu awapeze ayenera kuima pa mzere pamodzi ndi anansi ace. Tsono lamulo la kusamba m'manja linali kutumiza mai ku mzere umene lamulo la kutalikirana linali kuletsa.

Cacikuru koposa ndi kapezedwe ka cakudya. Munthu wolandira malipiro pa mwezi agula thumba la ufa nalisunga. Koma mai wogulitsa repu ndi tomato, mnyamata wokankha wilibala, wogulitsa salaula, wosoka nsapato ndi mwini kantemba, onsewa adya madzulo cimene apeza masana. Ndico cifukwa cace m'makomboni mugulitsidwa timapaketi ta ufa timene a ku Lusaka amati pamela, tokwanira nsima ya tsiku limodzi, ndi makala a m'tipepala tokwanira kuphika kamodzi. Kuuza munthu wotere kuti akhale kunyumba milungu itatu ndiko kumuuza kuti asale cakudya milungu itatu pamodzi ndi ana ace. Iye sanali kukana kuti nthenda iripo. Anali kuyerekeza zoopsa ziwiri, nthenda imene kapena imgwira kapena iai, ndi njala imene anali kudziwa ndithu kuti ifika mawa.

Boma linaona zimenezi, ndipo ndico cimodzi ca zifukwa zimene linakanira kutseka kotheratu. Ku Malawi kunacitika cinthu cimene cionetsa kumene njira inayo ikadafikitsa. Kumeneko Boma la Peter Mutharika linalengeza kuti dziko lonse litsekedwa masiku 21 kuyambira pa 18 April 2020. Ogulitsa malonda m'misika anaturuka m'miseu kukana, nati sangakhale m'nyumba popanda cakudya, ndipo pa 17 April Bwalo Lalikuru la Milandu linaimitsa lamulolo, bungwe la Human Rights Defenders Coalition litadandaula kuti Boma silinakonze thandizo la osauka. Kutsekako sikunacitikenso. Anthu a ku Kanyama ndi a ku Ndirande sanapangane, koma mau ao anali amodzi.

KODI NTHENDAYO INAFIKA M'KOMBONI?

Amene amati nthendayi inali ya olemera okha ali ndi pogwira. Odwala oyamba anali anthu oyenda pa ndege. Miyezi yoyamba ciwerengero ca akufa cinali cocepa kwambiri pociyerekeza ndi ca ku Italy kapena ku America. Pafupifupi theka la anthu a m'Zambia ndi ana osafika zaka 18, ndipo nthendayi kawirikawiri ipha okalamba ndi odwala nthenda zina monga ya shuga ndi ya kuthamanga kwa magazi. Munthu akayang'ana pa bwalo pace naona kuti onse ali moyo, anali kuyamba kukaika, ndipo mphekesera inafala yakuti ziwerengero zingokuzidwa kuti ndalama za thandizo zibwere.

Koma kufufuza kumene kunacitika mu Lusaka momwemo kunaonetsa kuti ziwerengero za Boma zinali zocepa, osati zocuruka. Mu July 2020 madotolo otsogozedwa ndi Dr Lloyd Mulenga anayenda nyumba ndi nyumba m'maboma asanu ndi limodzi, Lusaka, Ndola, Kabwe, Livingstone, Solwezi ndi Nakonde, napima anthu amene sanapite ku cipatala. Anapeza kuti pafupifupi anthu 11 mwa 100 aliwonse anali ndi kaciromboka kapena anali atadwalapo kale, ndi kuti pa munthu mmodzi wolembedwa m'mabuku a Boma panali ena oposa 90 osadziwika. Ambiri a iwo sanamve kudwala kulikonse.

Kufufuza kwaciwiri kunali kowawa koposa. Kuyambira June kufikira September 2020, Dr Lawrence Mwananyanda ndi anzace a ku Boston University anapima mitembo 364 m'nyumba yosungiramo mitembo pa cipatala cacikuru ca UTH. Mwa iyo, 70 inapezeka ndi kacirombo ka Covid-19. Anthu 51 mwa 70 amenewo anafera kunyumba, osati m'cipatala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anapimidwa asanafe. Pamene anabwereza nchitoyi m'miyezi yoyamba isanu ndi umodzi ya 2021, pafupifupi mtembo umodzi mwa itatu unapezeka nako. Sikuti aliyense wopezeka ndi kacirombo anafa nako, koma ciwerengero cotere sicingakhale ca mwai cabe. Gogo amene anadwala cifuwa masiku anai ku George namwalira usiku, abale ace anati ndi cibayo kapena ukalamba, ndipo anamuika ku Chingwere popanda dzina la nthendayo kuchulidwa. Nthendayo inalowa m'komboni mwakacetecete, ndipo anthu pafupifupi 4,000 amene Boma linawalemba kuti anafa nayo m'dziko lonse ndiwo okhawo amene anapimidwa.

Mu June ndi July 2021, pamene mtundu wa kacirombo wochedwa Delta unafika m'nyengo yozizira, panalibenso wofunika kumuuza. Zipatala za UTH ndi Levy Mwanawasa zinadzaza, mpweya wa okisijeni unacepa, ndipo magalimoto a maliro anali kutsatizana pa mseu wa ku Leopards Hill. Ambiri amene kale anali kuseka tinsalu ta pakamwa anayamba kutibvala okha popanda wapolisi kuwaopseza.

CIMENE ANTHU ANATAYA

Komabe amene adandaula za malamulo aja sanama. Ana amene sanali m'makalasi a mayeso anakhala kunyumba kuyambira March kufikira September 2020, miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, ndipo masukulu anatsekedwanso mu June 2021. Maphunziro anali kuperekedwa pa wailesi, pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti, koma m'nyumba zambiri za m'komboni munalibe zipangizo zotere, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku cifukwa madzi anali atacepa m'nyanja ya Kariba. Ndiponso ana amenewa sanakhale m'nyumba ai. Anali kusewera m'tinjira, kutunga madzi ndi kuthandiza makolo ao pa msika, kotero kuti anataya maphunziro popanda kutalikirana kumene kunali colinga ca kutsekako. Atsikana ena sanabwerere ku sukulu cifukwa ca pakati kapena ukwati. Aphunzitsi a timasukulu ta eni ace m'makomboni, amene malipiro ao acokera m'matumba a makolo, anakhala opanda kanthu. Mwa malamulo onse, ili la masukulu ndilo libvuta kwambiri kuliikira kumbuyo.

Nyumba za mowa zinakhala zotseka kufikira September 2020, pamene zinaloledwa kutsegula kumapeto kwa mlungu kokha. Kutseka kumeneku kunali ndi nzeru yace, pakuti kacirombo kafala msanga m'cipinda codzaza ndi anthu ofuula. Koma operekera mowa, oimba, oocha nyama pakhomo ndi alonda onse anataya nchito tsiku limodzi, ndipo mowawo sunathe: unangosamukira m'mashabini, kuseri kwa zitseko zotseka, kumene mpweya unali wocepa koposa. Apolisi ena anakwapula anthu amene anawapeza alikumwa, kufikira bungwe la Human Rights Commission linadzudzula mcitidwewo.

Pa nthawi yomweyo ndalama inali kugwa. Kuciyambi kwa 2020 dola imodzi inali kugulidwa ndi makwaca pafupifupi 14, ndipo pofika kumapeto kwa caka inali pafupifupi 21. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciongoladzanja ca ngongole yace ya kunja, ndipo pakati pa 2021 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai pa caka cimodzi. Coonadi ndi cakuti ngongoleyo inayamba nthenda isanabwere, ndipo malonda a dziko lonse lapansi anali ataima, kotero kuti mabvuto amenewa akadafika ngakhale Boma likadapanda kutseka kanthu. Koma mai wogula mafuta ophikira pa kantemba sanali kulekanitsa zimenezi. Iye anaona kuti malamulo ndi kukwera kwa mitengo zinafika pamodzi. Boma ndi mabungwe a United Nations anapereka K400 pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi ku mabanja ena osauka, ndipo amene analandira anathandizidwa ndithu, koma ocuruka sanafikiridwe.

Panalinso bala lina losawerengeka ndi ndalama. Pa mwambo wa anthu a kuno, maliro ndi a mudzi wonse: akazi agona m'nyumba ya siwa pamodzi ndi wofedwa, amuna acezera panja, ndipo wosabwera ayesedwa wopanda umunthu. Lamulo la anthu 50, ndi kuika maliro mofulumira moyang'aniridwa ndi anchito a zaumoyo, kunasiya mabanja ambiri ndi cisoni cosatha bwino. Ndipo pamene anthu omwewo anaona makamu akuru alikutsata andale a mbali zonse pokonzekera cisankho ca pa 12 August 2021, ngakhale misonkhano ikuruikuru inali yoletsedwa, anayamba kufunsa ngati lamulolo linali la onse. Palibe cimene cicepetsa ulemu wa lamulo msanga koposa kuona akuru alikuliphwanya.

KUYESA PA SIKELO

Nanga tsono zinathandiza? Yankho loona liri ndi mbali ziwiri. Malamulo aja sanaletse kacirombo kulowa m'makomboni. Kufufuza kwa July 2020 kuonetsa kuti kanali katafala kale miyezi inai yokha cifikire. Cimene malamulo otere angathe kucita ndico kucedwetsa, kuti odwala asafike ku cipatala onse tsiku limodzi, ndi kuti madotolo apeze nthawi ya kuphunzira. Nthawi imeneyo inali ya mtengo wace. Mu March 2020 panalibe katemera kapena mankhwala odziwika. Mu June caka comweco madotolo a ku Oxford anapeza kuti mankhwala ochipa ochedwa dexamethasone apulumutsa ena mwa odwala kwambiri, ndipo pa 14 April 2021 katemera anayamba kuperekedwa pa UTH. Munthu amene anadwala mocedwa anali ndi mwai woposa wa uja anadwala poyamba. Cacisoni ndi cakuti katemera woyambayo anali wokwanira kubaya 228,000 kokha m'dziko la anthu oposa mamiliyoni 18, pakuti maiko olemera anali atagula wambiri, kotero kuti Delta inapeza anthu ocuruka asanatemeredwe.

Ciweruzo cimene cioneka coyenera ndi ici. Kukana kutseka kotheratu kunali kwanzeru. Kucepetsa makamu m'nyumba zotseka ndi kuphimba pakamwa kunali kothandiza ndi kosadula. Kutseka masukulu a ana ang'ono miyezi isanu ndi umodzi kunataya zambiri kuposa zimene kunapulumutsa, ngakhale kuti amene analamula mu March 2020 sanali kudziwa zimene zidziwika lero. Ndipo cikoti sicinapulumutse munthu ndi mmodzi yemwe.

PHUNZIRO LA KOLERA

Anthu a ku Kanyama anali ataona kale zotere Covid-19 isanabwere. Kolera itabuka mu Lusaka mu October 2017, Boma linatuma asilikari kucotsa ogulitsa malonda m'miseu, linacedwetsa kutsegula masukulu, ndipo mu January 2018 linalamula kuti ku Kanyama munthu asayende kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa. Patangopita masiku owerengeka m'komboni munabuka cipolowe, cifukwa anthu anali ataletsedwa kugulitsa ndipo analibe cina codya. Mliri umenewo unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka nupha pafupifupi 100. Mu October 2023 kolera inabweranso mwamphamvu koposa: odwala anapitirira 20,000 m'dziko lonse, akufa anali pafupifupi 700, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February 2024.

Cifukwa cimene kolera ibwererera ku Kanyama cidziwika bwino. Komboniyo inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zonyansa za m'zimbudzi zisakanizika ndi madzi a m'zitsime zosaya. Lamulo loletsa kuyenda usiku silingasinthe thanthwelo. Cimene cingasinthe ndi mipopi, ngalande ndi zimbudzi zomangidwa bwino, ndipo zimenezi zimangidwa m'zaka za mtendere, osati mliri utafika pakhomo. Akuru amati cakudza siciimba ng'oma.

NZERU YA MAKOLO

Kupatula wodwala si cinthu cacilendo cocokera kwa Azungu. Kale m'midzi, munthu akagwidwa ndi nthomba anali kummangira kamsasa kunja kwa mudzi, ndipo anali kukhala komweko kufikira atacira. Koma mudzi sunali kumsiya. Wina amene anadwalapo kale nthomba anali kumpititsira madzi, nkhuni ndi phala, ndipo abale anali kumsamalira ana ace ndi munda wace. Wodwalayo anali kubvomera kupatulidwa cifukwa anali kudziwa kuti mbale ya nsima ifika. Lamulo ndi cakudya zinali kuyendera pamodzi, ndipo amene analamula ndi amene anali kusenza mbaleyo.

Apa ndi pamene pagona mtsutso wonse wa m'makomboni a Lusaka. Amene amati malamulo anapulumutsa miyoyo anena zoona, pakuti nthendayo inalipo ndipo inapha ambiri oposa olembedwa. Amene amati malamulo anawasautsa anenanso zoona, pakuti anauzidwa kusamba popanda madzi ndi kukhala kunyumba popanda ufa. Bungwe la World Health Organization linalengeza pa 5 May 2023 kuti Covid-19 siirinso ngozi ya dziko lonse lapansi, koma palibe dotolo amene anganene kuti mliri wina sudzabwera. Ukadzabwera, anthu a ku Mtendere, a ku George ndi a ku Chawama adzamvera monga mwa cimene adzaona: ngati mpopi uturutsa madzi, ngati thandizo lifika pakhomo la wamasiye lisanafike lamulo, ngati wofera kunyumba apimidwa kuti abale ace adziwe coona, ndiponso ngati nduna ndi wokankha wilibala amangidwa ndi lamulo limodzi.